Maliro a Woyambitsa Nyimbo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndidakapumira ntchito ku Mgona, m'kanyumba kodontha kaja, pamene anzanga amene tidayamba nawo ulaliki adapumira m'nyumba za siling'i. Mayi anu mukawafunsa amangoti, "Bambo anu adaimba nyimbo." Yankholo n'loona ndithu, koma n'lalifupi, ndipo inu amene mumawadziwa mawu anga mungaganize kuti mpingo udandilanga chifukwa choononga makutu a anthu. Tsono popeza maso akuonabe ndipo dzanja silidayambe kunjenjemera, ndati ndilembe nkhani yonse kuti muimve kuchokera kwa mwini wake.

Kawale, 2000

Ndidabwera m'tauni imvi zitayamba kale, nditatumikira zaka zambiri m'midzi ya ku Dedza. Kwa zidzukulu zimene zidzawerenge izi m'tsogolo, ndinene kuti mlaliki si mbusa. Sabatiza, sadyetsa mgonero, samangitsa ukwati. Ntchito yake n'kuphunzitsa a kalasi ya ubatizo, kuyendera odwala, kulalikira kumene abusa safikako, ndi kuika maliro. Akakhala pakati pa akhristu amaoneka wamkulu, abusa akangotulukira amathamangira kukawalandira chikwama. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo ine ufumu umenewo udandikwanira.

Chilema changa pa ntchitoyi chidali chimodzi: sindidziwa kuimba. Mawu olalikira Mulungu adandipatsa, oti munthu ali pamsika amamva vesi. Koma ndikati ndiyambitse nyimbo, ndimaiyambira kumwamba kwenikweni, kumene ngakhale atsikana a kwaya safikako, kenaka n'kugwa ngati thumba la chimanga. Mayi anu adandiletsa tisadakwatirane n'komwe, ndipo ndidamvera. Ku Kawale zimenezi sizidandivute konse. Tchalitchi chidali chachikulu, makwaya ambirimbiri, kiyibodi, ndi zokuzira mawu zoti zikalira malata ankanjenjemera. Ine ndinkangotchula nambala ya nyimbo, mnyamata wa kiyibodi n'kudina, ine n'kumayendetsa milomo kuseri kwa buku. Ndidakhalako chaka chimodzi chokha. Masiku amenewo nyimbo ndinkaziona ngati zinthu zodikirira ulaliki, zoti ochedwa apeze pokhala ndipo ana atonthole, chakudya chenicheni chisadafike.

Chinsapo, 2001

Adanditumiza ku Chinsapo kukayang'anira nthambi ina ya mpingo imene idali itangoyamba kumene. Abwana anga atsopano adali Abusa Kamwendo, amene ankakhala ku tchalitchi chachikulu m'tauni n'kumabwera kwathu pa njinga yamoto nthawi ya mgonero. Adali munthu wamtali, wosaseka wamba, koma wachilungamo. Sankakondera wolemera, ndipo mawu amene anena Lolemba unkawapeza ali momwemo Loweruka. Ndikunena izi poyamba kuti musawaone ngati munthu woipa m'nkhaniyi, chifukwa sadali wotero.

Kachisi wathu adali wa zidina, denga la malata akale obooka. Mipando idali matabwa oika pa njerwa. Magetsi kudalibe, madzi tinkakagula pa kiyosiki. Mabuku a nyimbo adalipo owerengeka, ena opanda chikuto, ena oyambira pakati. Lamulungu loyamba ndidatchula nambala ya nyimbo n'kuyembekeza, ndikuopa kuti mwina kuno woyambitsa amakhala mlaliki. Pomwepo kumbali ya amayi kudatuluka mawu amodzi, osakwera osatsika, okhazikika ngati munthu amene wakhala pa mpando wake. Mzere woyamba usadathe, kachisi yense adali atalowamo.

Amenewo adali Mayi Nangozo, mayi wamasiye wochokera ku Ntcheu, wamfupi, wa mano a mpata, amene ankagulitsa mandasi pamsika. Udindo wosankhidwa adalibe. Palibe bwalo limene lidakhalapo pansi n'kunena kuti iwo aziyambitsa nyimbo, zidangochitika monga momwe njira ya chidule imayambira. Nditazolowerana nawo ndidawafunsa chinsinsi chawo. Adaseka, nati chinsinsi palibe, kungoti asadayambe amayang'ana kaye amene abwera. M'mawa wa chisanu makosi amakhala ouma, ndiye amayambira pansi. Akachuluka madoda amatsitsa, akachuluka ana a sukulu amakweza pang'ono. Adati woyambitsa nyimbo saimba kuti anthu amve iyeyo, amangotsekula khomo loti wamtali ndi wamfupi yemwe alowepo.

Ndidaona ndi maso anga zimene khomo limenelo linkachita. Anthu athu ankabwera atatopa. Ena adali alonda ochokera ku ntchito osagona, ena amayi oti achapa zovala za eni sabata yonse, ena aganyu amene dzulo lake sadapeze kanthu. Ulaliki wanga ena ankaumvera m'tulo, ndipo sindinkawaimba mlandu. Koma nyimbo ikagwira, misana inkawongoka. Mayi amene sakadatha kupemphera mokweza chifukwa cha manyazi ankauza Mulungu zonse m'nyimbo, pamaso pa anthu, popanda womuseka.

Zaka zimenezo maliro adachuluka. Matenda aja amene tinkaopa kuwatchula dzina adali akusesa achinyamata, ndipo masamba odziwitsa maliro sankauma pamsewu ena asadaikidwe. Sabata zina ndinkapita kumanda kuposa mmene ndinkakwerera pa guwa. Kulikonse ndinkapeza Mayi Nangozo atafika kale, atavala zoyera za amayi a mpingo, mandasi atasiyira mnzawo. Ukawafunsa kuti bizinesi iyenda bwanji chonchi, ankangoti maliro n'kulirana. Ndidaona kuti kumanda amachita chinthu chimodzi chosasintha. Bokosi likatsitsidwa, ine ndikamaliza mawu anga, iwo sankayang'ana ine kapena anamfedwa. Ankayang'ana manja a anyamata okwirira. Woyamba akangotukula fosholo, iwo ankayambitsa nyimbo yamphamvu, yachangu pang'ono, mokweza kuposa nthawi zonse, ndipo sankailola kuti ithe dzenje lisadadzaze. Ndime zikatha ankabwereza.

Tsiku lina tikuchokera kumanda ndidawaseka kuti nyimbo yachisoni amaiimba ngati ya pa zokolola. Iwo adaima panjira n'kundiyang'ana.

"A Mlaliki, munamvapo mmene dothi limalirira pa bokosi?"

Ndidati ndidamvapo kumene.

"Ndiye mwana asamve. Nkhope ya mayi ake mwina adzaiiwala, koma kulira kwa dothi kuja sadzakuiwala. Ine ndinamva pa bambo anga ndili kamtsikana, mpaka lero ndimakumva. Nyimbo ya kumanda ntchito yake ndi imeneyo, kubisa dothi."

Ndidali nditaika maliro zaka zonse zija osadziwa kuti pamene ine ndinkatonthoza anthu ndi mavesi, padali wina amene ankawatseka makutu pa nthawi yake. Kuyambira tsiku limenelo ndidasiya kuona nyimbo ngati zodikirira ulaliki.

Chinsapo, 2002 mpaka 2003

Njala ya 2002 mukuikumbukira, enanu mudali akulu kale. Tinkaima pa mzere wa chimanga tsiku lonse n'kubwerako ndi thumba lopinda m'khwapa. Malipiro anga ankachedwa, chifukwa anthu osadya sapereka chopereka. Chaka chomwecho Mayi Nangozo adaika mwana wawo wamkazi, kenaka wamwamuna ndi mkazi wake, onse m'manda a ku Chinsapo komweko. Pa maliro onsewo nyimbo ya dothi ija adaiyambitsa okha, misozi ili chuchuchu. Adatsala ndi zidzukulu zodzaza mphasa, wamkulu mtsikana dzina lake Tiyanjane, amene adali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Mpamba wa mandasi udadyedwa, chiwaya chokazingira n'kugulitsidwa.

Njala itapepuka tidamva mphekesera yoti Mayi Nangozo ayamba kutcheza kachasu. Poyamba ndidakana. Koma nditapita kukawaona, fungo lidandilonjera ndisadafike pakhomo. Iwo sadabise kanthu. Adandiyalira mphasa, nandiuza kuti mnzawo wina adawabwereka mphika ndi paipi, ndipo kuyambira pamenepo ana akugona atadya, Tiyanjane ali pasukulu.

Mu mpingo wathu lamulo la mowa n'lodziwika: wophika, wogulitsa ndi wakumwa onse amadulidwa. Munthu wodulidwa saletsedwa kulowa m'kachisi, koma sadya mgonero, savala zoyera, satsogolera chilichonse. Choopsa koposa n'chakuti akamwalira asadabwezeredwe, mpingo suimba maliro ake. Kwathu kuno palibe manyazi oposa amenewo. Munthu atha kuikidwa m'bokosi la matabwa osapala, anthu n'kuiwala sabata yomweyo, koma woikidwa popanda nyimbo banja lake limalozedwa zala mpaka zidzukulu.

Bwalo la akulu a mpingo lidawaitana. Zinkaoneka kuti akuluakuluwo sakufuna kuwadula. Abusa Kamwendo adawatsekulira njira, nati angolonjeza kuti asiya, nkhani ithere pa chenjezo. Tonse tinkadziwa kuti alipo ena amene adalonjezapo chotero n'kukasamutsira mphika kuseri kwa bafa. Mayi Nangozo adagwada, nati:

"Abusa, ndikanena kuti ndasiya ndiye kuti ndanama, chifukwa mawa ndipita kukagula shuga. Mowawu ndi tchimo, ndikudziwa. Ndaona amuna a anzanga atagona m'ngalande ndi mowa wanga. Koma ndisaonjezere bodza pamwamba pake. Tiyanjane akamaliza fomu folo ndidzabwera ndekha kudzagwada pano."

Adadulidwa. Lamulungu lotsatira amene adawerenga chilengezocho pa guwa ndidali ine, poti ndiyo idali ntchito yanga. Nditamaliza, iwo adanyamuka pa malo awo a kutsogolo n'kukakhala pa thabwa lomaliza, pafupi ndi chitseko. Kenaka ndidatchula nambala ya nyimbo, ndipo kachisi yense adangoti zii.

Chinsapo, 2004

Tidavutika. Amayi ena adayesa, koma uyu ankayambira pamwamba, uyo pansi, wina n'kuyambitsa nyimbo ina ndithu yosiyana ndi nambala. Tsiku lina nyimbo idatifera m'manja pakati pa ndime mpaka ana adaseka. Patapita masabata angapo tidayamba kumva kanthu. Ndikatchula nambala, kumbuyo kuja kunkamveka kamawu kapakhosi, kosatsekula pakamwa, kakafupi ngati kulira kwa njuchi. Mayi wa kutsogolo ankakatola kamawuko n'kuyambira pomwepo, nyimbo n'kuyenda. Ukacheuka unkapeza Mayi Nangozo akuyang'ana pansi, akukonza chitenje. Tonse tinkadziwa, koma palibe amene adanena. Abusa Kamwendo akabwera, nthawi imeneyo ndi imene ankatanganidwa kupukuta magalasi awo. Tsiku la mgonero odulidwa ankatuluka mkate usadagawidwe, ndipo Mayi Nangozo ankakaima panja pafupi ndi zenera, n'kumatipatsa kamawu kaja kuti ife tidye mgonero ndi nyimbo yabwino. Chinthu chimenecho chinkandipweteka mtima kwambiri.

Chaka chomwecho kudamwalira a Dzonzi, bambo amene adadulidwa chifukwa cha mitala. Ndidatsata lamulo. Ndidapita ngati mnansi n'kupemphera pemphero lalifupi, nyimbo ayi. Kumanda kudalibe chobisa dothi, ndipo tidalimva lonse, fosholo ndi fosholo, pamodzi ndi mkazi wawo wamkulu amene adali mkhristu wathu wokhulupirika. Mayi Nangozo adaliponso, ataima kumbuyo, atatseka pakamwa ndi chitenje. 

Chinsapo, 2005

Mayi Nangozo adadwala masiku ochepa okha, chibayo, m'nyengo yachisanu. Tiyanjane adali fomu folo, mayeso atatsala pang'ono, ndipo mphika uja udali ukadagwira ntchito. Ndidakawaona kuchipatala. Adandipempha kuti ndiwapempherere, koma za maliro sadatchule, inenso sindidatchule. Patapita masiku awiri adatisiya.

M'mawa mwake ndidakwera minibasi kupita kwa Abusa Kamwendo. Ndidalankhula zambiri. Ndidati mayiyu waimbira maliro a theka la Chinsapo. Ndidati akadanama tsiku lija akadafa ali mkhristu wokwana, ndiye kuti tikuwalanga chifukwa chonena zoona. Abusa adandimvetsera mpaka ndidatha, osandidula mawu. Kenaka adavula magalasi.

"A Mlaliki, zonse mwanenazi ndikuzidziwa. Mukuganiza kuti kamawu kaja ine sindinkakamva? Koma chaka chatha tinawakaniza a kwa Dzonzi. Tikaimba lero, mudzawauza chiyani? Kuti mpingo uli ndi malamulo awiri, la odziwa kuimba ndi la osadziwa? Mukapemphere ngati mnansi. Amayi asavale zoyera. Nyimbo ayi."

Adaonjezera, mosaopseza koma momveka bwino, kuti mlaliki wophwanya chigamulo cha bwalo amaimitsidwa, mwinanso kuchotsedwa, ndipo kwa munthu wotsala zaka zochepa kuti apume kumeneko n'kutaya nyumba ndi zonse. Ndidabwerera ndikudziwa kuti mfundo yawo idali yoona. Nditafika ndidasonkhanitsa amayi a mpingo n'kuwauza ndekha kuti aliyense woyambitsa nyimbo adzaitanidwa ku bwalo. Adalira, koma adamvera. Mayi anu adali pomwepo. Titafika kunyumba adandikumbutsa kuti awiri a inu mukadali pasukulu, ndipo ku Dedza tilibe ngakhale njerwa imodzi. Sadandiuze chochita, adangondisitira jekete n'kulikoleka pa msomali.

Sindidaonepo maliro a anthu ambiri chotere ku Chinsapo. Kudabwera a mipingo ina, Asilamu, amayi a pamsika, ngakhale makasitomala a kachasu, ena ali dzandidzandi. Pafupifupi aliyense adali ndi m'bale wake amene Mayi Nangozo adamuimbira. Koma mwambo wake ngwakuti eni nyimbo ndi mpingo wa womwalirayo, iwo akapanda kuyamba alendo sayamba. Amfumu atamaliza mawu awo adati, monga mwa nthawi zonse, mwambo akuupereka kwa a mpingo. Ndidaimirira, n'kupemphera, n'kukhala pansi. Anthu adayang'anana. Bokosi lidatuluka m'nyumba popanda nyimbo, ndipo pa ulendo wa kumanda chinkamveka ndi mapazi ndi kutsokomola basi. Amayi athu ankayenda atazolika, atavala zitenje wamba.

Kumanda bokosi lidatsitsidwa pafupi ndi ana awo aja. Zidzukulu adaziimika m'mphepete mwa dzenje, Tiyanjane atabereka wamng'ono kumsana, ena atagwira siketi yake. Musandiyese ngwazi, ana anga. Sindidapite kumandako ndi maganizo ophwanya lamulo. Ndidali wokonzeka kubwerera kunyumba ntchito yanga ili bwinobwino. Koma ndidangozindikira kuti maso anga sali pa dzenje, ali pa manja a anyamata okwirira, monga momwe mwini wake adandiphunzitsira. Woyamba adatukula fosholo. Dothi lidagwa, bokosi lidalira, ndipo kamwana kena kamene kadagwira siketi kaja kadanjenjemera thupi lonse n'kutseka makutu ndi manja. Fosholo ina idagwanso.

Ndidayang'ana amayi. Milomo yawo inkagwedera, koma amene adawamanga ndidali ine. Ndidaona kuti mayi aliyense amene angatsekule pakamwa adzadulidwa, koma akayamba mlaliki enawo angotsatira mtsogoleri wawo, mlandu n'kukhala wa munthu mmodzi. Tsoka lake, munthu mmodziyo adali amene sadziwa kuimba m'Chinsapo monse.

Ndidaiyamba nyimbo ija imene iwo ankaikonda pa dothi. Ndidaiyambira kumwamba, monga mwa chilema changa, mawu n'kusweka pakati. Mzere woyamba wonse ndidauimba ndekhandekha pamaso pa khamu lija, ndipo mzere wautali chotere sindidaumvepo chibadwire. Kenaka mayi anu adalowa, osati pamene padali inepo, koma pansi, pamene Mayi Nangozo akadayambira. Amayi onse adagwera pomwepo. Abambo adalowa ndi besi, a mipingo ina nawonso, ngakhale adzandidzandi aja. Anyamata okwirira adafulumiza manja. Ndime zitatha tidabwereza, n'kubwerezanso, mpaka mtumbira udakwera. Ine ndidali nditasiya kale kuimba, ndikungolira.

Mgona, 2006 mpaka 2009

Sindidadikire kuti abusa amve kwa ena, ndidakadzinenera ndekha. Abusa Kamwendo adafunsa ngati amayi adayamba okha. Nditati ndidayamba ndine, adati, "Inuyo? Ndi mawu anuwo?" Ndiyo nthawi yokhayo imene ndidawaona akufuna kuseka, koma maso awo adali ofiira. Ku bwalo sadandikhululukire, komanso sadalole kuti ndichotsedwe ntchito monga ena ankafunira. Ndidaimitsidwa miyezi ingapo osakwera pa guwa, kenaka n'kutumizidwa ku Mgona, kumene alaliki anzanga ankakukana. Mwa amayi aja palibe ndi mmodzi yemwe amene adaitanidwa.

Chilango cha bwalo sichidandiwawe ngati mawu a Mayi Dzonzi, mkazi wa bambo uja tidamuika popanda nyimbo. Tikulongedza katundu adabwera n'kukhala pakhonde mwaulemu.

"Mwachita bwino, a Mlaliki," adatero. "Koma amuna anga aja, analibe ana oti asamve dothi?"

Funso limenelo ndikadali nalo mpaka lero. Abusa adanena zoona. Inenso ndidachita chimene sindikadatha kuchisiya. Zinthu ziwirizi ndakhala nazo m'chifuwa zaka zonsezi ndipo sizidagwirizanepo.

Ku Mgona ndidapeza matope, nyumba zothinana, ndi kachisi wopanda zitseko amene mbuzi zinkagonamo mkati mwa sabata. Ndidapezakonso oimba. Kudali bambo wina wonyamula matumba ku mafakitale amene ankaphunzitsa kwaya ataweruka, fumbi likadali m'tsitsi. Kudali atsikana oyenda wapansi kukaimbira odwala, ndi mayi wina wa ng'oma wa zikhatho zong'ambika. Chinthu choyamba chimene ndidachita n'kuphunzira maina awo. Ife alaliki mapemphero akatha amatitengera kwa mkulu wa mpingo kukadya nkhuku, oimba n'kumabwerera kwawo ndi makosi ouma popanda wonena zikomo. Ndidayamba chizolowezi choima pakhomo n'kuwapatsa moni wa chanza iwo poyamba, ena onse pambuyo. N'zochepa, ndikudziwa, koma zikomo wa kumanda mwini wake samumva. Inunso kumene mumapempherako, muzidziwa dzina la amene amakuyambitsirani nyimbo.

Tiyanjane adakhoza mayeso, ndipo pano ndi mayi wa ana ake ku Area 23. Chaka chimene ndinkapuma ntchito tidakumana pa depoti, iye n'kundikakamiza kuti andilipirire minibasi. Tili m'njira ndidalimba mtima n'kumufunsa ngati ang'ono ake amakumbukira tsiku lija. Adayamba kuseka, akubisa pakamwa.

"Pepani, Abambo, musakhumudwe. Akamakamba za maliro a agogo amati tsiku lija a Mlaliki anaimba moipa. Amakuyesezerani mpaka kugwa nako kuseka."

Ndidafunsa ngati amakambapo za dothi.

"Dothi liti?" adatero.

Nyumba ya siling'i sindidaipeze, koma ndidatsika minibasi ija ndili munthu wolipidwa. Tsono pempho langa kwa inu ndi limodzi. Tsiku langa likadzafika, musadzavutike ndi bokosi lodula kapena nkhata zambiri. Mudzangopeza munthu wodziwa kuyambitsa nyimbo, wa mawu abwino kuposa anga, mumuimike pafupi ndi dzenje, ndipo mumuuze kuti maso ake akhale pa fosholo. Ine sindidzamva kanthu. Ndikuchitira inuyo.